Dzanja la wojambula limakula pang'onopang'ono

Aliyense amene anakwerapo minibasi kuchokera pa Lizulu kupita ku Ntcheu boma akudziwa kuti m'mbali mwa msewu wa M1 muli zithunzi zambiri. Pakhoma la ometa tsitsi pali mitu itatu ya anyamata, uliwonse ndi kametedwe kake. Pa butchala pali mbuzi yoti mwendo wakumbuyo watalika kuposa wakutsogolo. Pa lesitilanti pali mbale ya nsima yofuka nthunzi, ndipo pambali pake pali nkhuku yaikulu kuposa tebulo. Timaseka tikamadutsa, enafe timatola pafoni n'kutumizira anzathu kuti nawonso aseke. Koma ndi ochepa mwa ife amene anafunsapo dzina la munthu amene anagwira bulashiyo, zaka zake, kapena ngati pali wina amene anamuuzapo mmene mwendo wa mbuzi umapindikira.

Ife tikuona kuti pali vuto pa mmene timaganizira za luso lojambula. Timati ndi mphatso yobadwa nayo, ndipo tikatero timaganiza kuti nkhani yatha: amene ali nayo ali nayo, amene alibe asiye. Mwana wa zaka 15 akajambula mbuzi yopotoka timamuuza kuti alibe mphatso. Akajambula yooneka bwino timamuuza kuti wafikapo. M'njira zonse ziwirizi tamulanda chinthu chimene wojambula aliyense amafuna kuposa penti, chomwe ndi nthawi yoti akule. Mfundo yathu m'nkhani ino ndi yakuti wojambula amapangidwa m'zaka makumi angapo, ndipo ngati m'boma lino muli ojambula ochepa amene afika patali, mbali ina ya mlanduwo ndi yathu ife amene timawaweruza akadali pachiyambi.

Zaka 45 za munthu mmodzi

Umboni wake suli kutali ndi ife. Mukatsika msewu wa Khwekhwerere kukafika pa Golomoti, n'kulowera chakumpoto pa msewu wa M5, mufika pa mishoni ya Mua pafupi ndi Mtakataka, m'boma la Dedza. Mishoniyi anaiyambitsa ndi ansembe a Chikatolika a gulu la White Fathers mu 1902, chaka chomwecho chimene mpingo wathu unayamba ntchito pamalo amene lero ndi Malamulo ku Thyolo. Kumeneko ndi kumene Bambo Claude Boucher, amene anthu amawadziwa ndi mfunda wa Chisale, anagwirira ntchito yaikulu ya moyo wawo.

A Boucher anabadwira ku Montreal m'dziko la Canada mu 1941, ndipo anafika m'Malawi mu 1967 ali ndi zaka pafupifupi 26. Malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni anawakhazikitsa mu 1976. Mu 2002 anatulutsa buku lofotokoza zithunzi za pamakoma a nyumba yosungiramo zakale ya Chamare, lotchedwa Digging Our Roots. Buku lawo lalikulu la zilombo za gule wamkulu, When Animals Sing and Spirits Dance, lomwe muli zithunzi zojambula iwo eni, linatuluka mu 2012. Werengani bwino zakazo. Kuchokera pamene anatera m'dziko muno kufika pa buku limene ambiri amawadziwa nalo panapita zaka 45, ndipo anali atapitirira zaka 70. Ife tikamaliza digiri ya zaka zinayi timamva ngati takhalitsa.

Chimene chimatikhudza kwambiri ndi zaka zisanu ndi zinayi zoyambazo, kuchokera 1967 kufika 1976, pamene panalibe Kungoni, panalibe nyumba ya Chamare, panalibe mlendo wobwera ndi kamera. Munthu wochokera ku dziko la chipale akafika kuno, dzanja lake likhoza kukhala lodziwa kale kugwira pensulo, koma diso lake silidziwa kanthu. Sadziwa kusiyanitsa kakhalidwe ka mayi wokhala pamaliro ndi ka mayi wokhala pachinkhoswe. Sadziwa chifukwa chake mkamwini amapatuka panjira akaona apongozi. Akajambula msanga adzajambula zimene alendo onse amajambula: dzuwa likulowa m'nyanja, mlambe, mayi atasenza mtsuko. A Boucher anayamba ndi chilankhulo. Anaphunzira Chichewa mpaka kumva nyimbo, miyambi ndi zining'a zake, anakhala pamiyambo ya anthu, ndipo mfunda wa Chisale ndi chizindikiro chakuti eni mudzi anawalandira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa wojambula mwambi umenewu ndi ndondomeko yeniyeni ya ntchito.

Gawo lachiwiri la moyo wawo linali lophunzitsa. Kungoni inayamba ngati malo osulira aluso a m'deralo, makamaka osema mitengo, ndipo ntchito za osema a ku Mua zinafika m'matchalitchi ndi m'nyumba zoonetseramo zinthu za kunja, kuphatikizapo nyumba yopemphereramo ya bungwe la Missio ku Munich m'dziko la Germany. Ena angaganize kuti wojambula akayamba kuphunzitsa ndiye kuti luso lake laima. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tikudziwa kuti sizili choncho. Amene anapitako ku sukulu zoyeserera kuphunzitsa amabwerako akunena kuti phunziro analimvetsa tsiku limene mwana anawafunsa funso limene sanaliyembekezere. Wosema wa ku Mua amadziwa mtengo, amadziwa nkhope za abale ake, amadziwa nthano imene agogo ake anamuuza. Mphunzitsi wokhala ndi anthu otere zaka makumi atatu sangatuluke ndi diso lomwe analowa nalo.

Kenako panabwera makoma. Nyumba ya Chamare, imene dzina lake ndi mmene anthu a m'deralo ankatchulira wansembe wina wakale wa pa Mua, Bambo Champmartin, ili ndi zipinda zitatu zosonyeza mbiri ya mishoni ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo muli zigoba za gule zoposa 400. Kunja kwake makoma adzaza ndi zithunzi zolongosola mbiri ya dziko lino. Kujambula pakhoma n'kosiyana ndi kujambula papepala. Pepala likalakwika umaling'amba. Khoma limaonedwa ndi aliyense, dzuwa limaliwotcha, mvula imalimenya, ndipo munthu wodutsa amene sadziwa kuwerenga ayenera kumva nkhaniyo ndi maso okha. Wojambula ayenera kusankha: pa mbiri yonse ya Angoni, ndi mphindi iti imodzi imene ndiike apa? Ndani aime pakati, ndani akhale kumbuyo? Kusankha kotere sangakuthe munthu amene nkhaniyo anaimva dzulo.

Ndipo anajambulanso pa pepala ndi penti wosungunula ndi madzi. Amene anayesapo penti wamtunduwu akudziwa kuti sakhululuka: mtundu wakuda ukangogwa pamalo oyenera kuwala, sungaubise monga umachitira ndi penti wa oyilo. Pamafunika dzanja losakayika, lodziwa kale kumene likupita. M'buku la 2012 chilombo chilichonse chili ndi dzina lake, nyimbo yake ndi tanthauzo lake, zomwe zinasonkhanitsidwa pa zaka zambiri za kuonerera, kulemba ndi kufunsa. Chadzunda, Maliya ndi Kasiyamaliro sangajambulidwe bwino ndi munthu amene anangowaona kamodzi pa chikondwerero cha boma. Apa ndi pamene tikuona njira yonse: kumvetsera kaye, kuphunzira pophunzitsa, kuyesa pa khoma lalikulu, kenako kufupikitsa zonsezo pa pepala limodzi.

Funso limene ena mwa inu muli nalo kale

Tikudziwa kuti owerenga ena afika pano nkhope itachita tsinya. Akufunsa kuti magazini ya ophunzira a Adventisti ikutamandiranji wansembe wa Chikatolika, komanso munthu amene anayandikira gule wamkulu mpaka kulowa nawo. Funsoli ndi loyenera, ndipo sitilizemba. Pali zambiri zimene sitigwirizana ndi a Boucher. Njira yawo yolukira pamodzi miyambo ya mizimu ya makolo ndi chipembedzo cha Chikhristu si njira yathu, ndipo zimene timakhulupirira za akufa n'zosiyana kwambiri ndi zimene gule amaphunzitsa. Sitikuuza wophunzira aliyense kuti apite ku dambwe kuti akhale wojambula wabwino. Chimene tikunena n'chakuti munthu ukhoza kukana chiphunzitso cha mnzako koma n'kuphunzira kagwiridwe kake ka ntchito, monga mlimi wa mbatatesi ku Tsangano amaphunzirira kapangidwe ka mizere kwa mnzake wa mpingo wina.

Ena amapitirira apo n'kunena kuti lamulo lachiwiri limaletsa kujambula kulikonse. Werengani Eksodo 20 modekha ndipo muona kuti chimene chikuletsedwa ndi kupanga fano n'cholinga choligwadira ndi kulitumikira. M'buku lomwelo, pa mutu 31, Bezaleli ndi Oholiabu akutchulidwa mayina ngati amisiri opatsidwa nzeru za ntchito zamanja pomanga chihema, ndipo pa nsalu za chihemacho panali zithunzi za akerubi. Ndiponso tisadzinamize: tonsefe tinakula ndi zithunzi. Tisanadziwe kuwerenga tinali titaona kale Danieli m'dzenje la mikango pa chithunzi chimene aphunzitsi a Sukulu ya Sabata ankapachika pamtengo. Zithunzi zimenezo sizinagwe kumwamba. Anazijambula ndi anthu, ndipo mmodzi wa iwo mbiri yake ikutiphunzitsa zofanana ndi za ku Mua.

Harry Anderson anabadwira ku Chicago mu 1906. Analowa yunivesite ya Illinois kukaphunzira masamu, ndipo phunziro lojambula analitenga ngati lopumulirapo. Kumeneko ndi kumene luso lake linaonekera, ndipo anasamukira ku sukulu ya zaluso ku Syracuse. Atamaliza, chuma cha America chinali chitagwa, ndipo anavutika zaka zingapo asanayambe kupeza ntchito zojambula m'magazini akuluakulu. Pakati pa ntchito yake thupi lake linayamba kudana ndi turpentine, mankhwala osungunulira penti wa oyilo, moti anakakamizika kusiya oyilo n'kuphunzira penti wosungunula ndi madzi. Tangoganizani mmisiri wodziwika kale akubwerera pa kalasi yoyamba ya zipangizo zake. Analowa mpingo wa Adventisti mu 1944 ali ndi zaka pafupifupi 38, ndipo mu 1945 anajambula chithunzi chodziwika chija cha Yesu atakhala m'munda wa maluwa ndi ana ovala zovala za masiku amenewo, mwana wina akufunsa za chipsera cha m'dzanja lake. Panali ena amene sanakondwe nacho, poona kuti kuika Yesu pakati pa ana amakono n'kupeputsa zinthu zopatulika. Lero chithunzicho chili m'mabuku ndi m'makoma a mipingo yathu m'maiko ambiri. Anderson anamwalira mu 1996, atajambula zaka zoposa 60.

Pali phunziro lina m'nkhani ya Anderson limene sitikonda kulimva. Iye anajambula ana amene ankawaona tsiku ndi tsiku, a ku America, ndi tsitsi lawo ndi nsapato zawo. Kumeneko kunali kulimba mtima kwake. Ife tikamangokopera chithunzi chake pakhoma la tchalitchi cha ku Bilira kapena ku Kasinje, ndi ana omwewo a tsitsi lofiirira, timatenga chithunzicho koma timasiya nzeru imene inachibala. Womutsatira weniweni angajambule ana a kuno, wina atabereka mng'ono wake kumbuyo, wina atavala yunifolomu yong'ambika pa chigongono, kumbuyo kwawo kukuoneka mapiri a Kirk Range. Kuti wojambula wathu afike pamenepo ayenera kukhala zaka zambiri akuyang'ana ana enieni: mmene amakhalira pa mphasa, mmene khungu lakuda limawalira dzuwa la m'mawa, mmene fumbi la mu Okutobala limasinthira mtundu wa mapazi. Palibe buku lochokera kunja limene lingamuphunzitse zimenezi.

Ndipo tisaganize kuti kujambula kunabwera ndi amishoni. Ku Chongoni, m'boma loyandikana nalo la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zimanenedwa kuti anajambula ndi Akafula, ndipo zoyera anajambula ndi Achewa, zina mpaka m'zaka za m'ma 1900. M'midzi yathu amayi amakongoletsa makoma a nyumba ndi katondo, makande ndi dothi loyera mvula ikatha. Dzanja lojambula ndi lakale m'dera lino kuposa sukulu iliyonse.

Nanga adya chiyani?

Chotsutsa champhamvu kwambiri si cha chipembedzo ayi, ndi cha m'mimba. Kholo limene lagulitsa matumba a mbatatesi kuti lilipire fizi likamva mwana akunena kuti akufuna kukhala wojambula, limaona njala. Sitinganene kuti kholo lotero likulakwa. Ntchito ya zikwangwani imene inkadyetsa ojambula ambiri ikulandidwa ndi makina osindikiza mabana, ndipo lero munthu akhoza kulamula kompyuta kuti imupangire chithunzi m'kamphindi. Wojambula wa pa Lizulu akupikisana ndi zinthu zimene sizitopa, sizidwala, ndipo sizifuna ndalama ya sopo.

Tiyenera kuvomerezanso chinthu china chokhudza a Boucher. Anatha kudikira zaka 45 chifukwa panali gulu limene linkawasunga. Anali ndi pogona, chakudya, malo ogwirira ntchito ndi abwenzi akunja. Anderson naye anali ndi nyumba yosindikiza mabuku ya mpingo ya Review and Herald imene inkamupatsa ntchito chaka ndi chaka. Samson Kambalu, amene chiboliboli chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, anadutsira ku Chancellor College ku Zomba kumene kunali dipatimenti ya zaluso, asanapite kukapitiriza maphunziro ku England. Pa anthu atatuwa palibe amene anakula yekha. Koma mfundo imeneyi sikugwetsa zimene tikunena, ikuzilimbitsa. Ngati luso limafuna zaka makumi angapo, ndipo zakazo zimafuna wina wozilipira, funso lenileni si lakuti mnyamata wa mbuzi yopotoka uja ali ndi mphatso kapena ayi. Funso ndi lakuti ndani amusunge mpaka mbuziyo iwongoke.

Pa za kompyuta, tiyeni tiyese. Ipempheni ikupangireni chithunzi cha amuna ovina ngoma pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, ndipo mukachionetse kwa agogo a Chingoni. Makinawa amaphunzira pa zithunzi zimene zilipo kale zambiri pa intaneti, ndipo za kwathu kuno zilipo zochepa, choncho amadzaza mipata ndi zovala ndi nkhope za kwina. Munthu amene wakhala pabwalo zaka makumi awiri amadziwa mmene chishango chimagwiridwira, mmene phazi limamenyera pansi, ndi pamene amayi amaima. Chimene makina atilanda ndi ntchito yothamanga, ya mbale ya nsima ndi mitu ya ometa. Ntchito yofuna kudziwa anthu ikadali ya anthu, koma idzakhalapo pokhapokha titalera oigwira.

Mbali yathu

Ambiri mwa ife tikukumbukira tsiku limene tinagwidwa tikujambula galimoto kapena nkhope ya mnzathu kumapeto kwa kope la masamu. Ena tinalandira chikwapu, ena tinauzidwa kuti tikuwononga mapepala. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma ambirife tinaliphunzira polemba manotsi a mitundu ya penti amene sitinamugwirepo. Sitikunena izi kuti tinyoze aphunzitsi athu, amene ankaphunzitsa ana oposa zana opanda ngakhale bokosi limodzi la makrayoni. Tikunena chifukwa posachedwapa amene adzaime kutsogolo kwa kalasi ndi ife. M'mera mpoyamba. Mphunzitsi sangagulire mwana aliyense penti, koma makala a pamoto alipo, makatoni a m'golosale alipo, dothi la mitundu itatu lili kuseri kwa sukulu. Chachikulu n'chakuti mukapeza mwana wojambula kumapeto kwa kope, musang'ambe tsambalo. Mupatseni kope lina, mumuuze kuti azilemba tsiku pansi pa chithunzi chilichonse, ndipo pakatha chaka mukhale naye pansi muone limodzi loyamba ndi lomaliza. Mwana amene waona ndi maso ake kuti dzanja lake likusintha sasiya msanga.

Amene tikuphunzira zamalonda ndi zowerengera ndalama tidzakhala eni mashopu, asungichuma a mipingo ndi oyang'anira mabungwe. Ndife amene tidzasankhe pakati pa bana yosindikiza ndi dzanja la munthu. Sitikuti nthawi zonse tizisankha dzanja, koma tikalisankha tizilipira ngati mmisiri. Timadziwa kuwerengera mmisiri womanga masiku ake, simenti yake ndi phindu lake, koma wojambula timamuuza kuti atithandize chabe popeza ndi mphatso imene anapatsidwa ulere. Penti amagula, mabulashi amatha, ndipo masiku atatu amene wakhala pa makwerero ndi masiku amene sanapite kumunda. Timulolenso alembe dzina lake ndi chaka pakona ya khomalo. Dzina limenelo ndilo limamubweretsera ntchito yotsatira, ndipo limamukakamiza kuti asachite zamwambo chabe. Tikafuna kupaka khomalo penti watsopano, tiyambe tatola chithunzi chakalecho n'kumutumizira mwini wake. Ojambula athu ambiri alibe mbiri ya ntchito yawo chifukwa ntchito yawo yonse inakwiriridwa ndi laimu.

Amene tidzatumikire m'mipingo, kaya ngati abusa, akulu a mpingo kapena atsogoleri a achinyamata, tili ndi makoma ambiri. Zipinda za ana za Sukulu ya Sabata, makoma a sukulu ndi zipatala za mpingo, zikuto za timabuku ta misonkhano ya misasa, zonsezi ndi ntchito zimene zingasunge wojambula mmodzi m'dera lililonse kwa zaka zambiri. A Pathfinder ali kale ndi maphunziro a kujambula pa mndandanda wa maluso awo. Chimene chimasowa ndi munthu woti awaphunzitse mozama osati kungosainira khadi. Ndipo tikampatsa ntchito wojambula wachinyamata, tiyembekezere kuti khoma lake loyamba lidzakhala ndi zolakwika. Mose wake adzakhala ndi dzanja lalitali. Timuuze moona mtima, koma timuitanenso chaka chamawa, chifukwa khoma lachisanu silingabwere popanda loyamba.

Kwa anzathu amene mumajambula mobisa m'mahositelo muno, mawu athu ndi ochepa. Musadikire kuti wina akuuzeni kuti muli ndi mphatso. Gulani kope lopanda mizere, muzijambula chinthu chimodzi chenicheni tsiku lililonse: nsapato ya mnzanu, mayi wogulitsa tomato pamsewu, ng'ombe ikugona, dzanja lanu lamanzere. Muzijambula chimene mukuona, osati chimene mukuganiza kuti chiyenera kuoneka. Musamangokopera zithunzi za pafoni, chifukwa kamera yakusankhirani kale kuwala ndi mbali. Sungani ngakhale zoipa. Digiri yanu ya zaulimi kapena zamalonda si mdani wa luso lanu. Ikhoza kukhala mishoni yanu imene idzakudyetseni pamene dzanja likukula. Ndipo pa tchuthi china, sonkhanani ndalama ya minibasi mutsike Khwekhwerere mukaone makoma a Chamare ndi maso anu. Mukafika musathamangire kutola zithunzi. Imani patsogolo pa khoma limodzi kwa theka la ola, mufunse kuti wojambulayo anayenera kudziwa chiyani asanaike munthu uyu apa.

Mnyamata amene anajambula mbuzi ya pa butchala ija mwina ali ndi zaka 19. A Boucher pa msinkhu umenewo anali asanaone Malawi, ndipo Anderson anali akuganizabe kuti adzakhala katswiri wa masamu. Tikadzadutsanso pa msewu wa M1, tikhoza kuseka ndithu, pakuti mbuziyo ndi yoseketsadi. Koma wina mwa ife atsike, alowe mu butchalamo, afunse kuti anajambula ndani ndipo amakhala kuti. Tchalitchi chathu chakumudzi chili ndi khoma limene lakhala loyera kuyambira pamene linamangidwa.